Chigamba chakuda cha mu Mlalang'amba: kodi pamenepo nyenyezi zinatha?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Moni nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi funso limene mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa Lachisanu lapitali, ndipo yankho limene ndinamupatsa silinandikhutiritse ngakhale ineyo. Magetsi atazima usiku wa Lachinayi, mwanayu anatuluka panja n'kuona Mlalang'amba utayala ngati utsi woyera, ndipo chakumwera, pambali pa nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, anaona chigamba chakuda bii chopanda nyenyezi. Iye anafuna kudziwa ngati pamenepo nyenyezi zinatha, kapena ngati pali chinthu chimene chikuziphimba. Ndinamuuza kuti ndi fumbi, koma atandifunsa kuti fumbi lachokera kuti kumalo kumene kulibe nthaka, ndiponso kuti anthu anadziwa bwanji popeza palibe amene anafikako, ndinangomulonjeza kuti tidzakambirana sabata yamawa. Ndikupempha amene akudziwa bwino nkhaniyi kuti andithandize, chifukwa mwana wofunsa chonchi sayenera kubwezedwa chimanjamanja.

Wophunzira za fizikisi, kwawo ku Nsanje:
Zikomo aphunzitsi, ndipo mumuthokoze mng'ono wangayo chifukwa funso lake ndi lomwe linavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri. Chigamba chimene anaonacho chimatchedwa Coalsack, dzina lotanthauza thumba la makala, ndipo ndi mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi umene waima pakati pa ife ndi nyenyezi zambirimbiri za kuseri kwake. Kutalika kwake n'kwakuti kuwala, kumene kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kumatenga zaka pafupifupi 600 kuti kuchoke kumeneko kudzafika kuno.

Za mmene anadziwira, umboni wake tili nawo m'chigwa chathu chino. Mwezi wa Okutobala, pamene fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zadzaza mlengalenga, dzuwa likamalowa limafiira ngati khala la moto mpaka munthu amatha kuliyang'ana kanthawi. Zimatero chifukwa tinthu ting'onoting'ono ta fumbi timamwaza kwambiri kuwala kobiriwira ngati thambo, pamene kuwala kofiira kumadutsa mosavuta. Akatswiri atayeza nyenyezi zochepa zimene zimaonekera m'mphepete mwa mitambo yakudayi, anapeza kuti n'zofiirirapo ndiponso zozimirira kuposa nyenyezi zinzake za mtundu womwewo zimene zili poyera. Malo opanda kanthu sangasinthe mtundu wa kuwala, choncho panayenera kukhala chinthu chimene kuwalako kukudutsamo.

Agogo a ku Chiromo:
Mwana wanga, ndawerenga mawu akowa kawiri ndipo ndamva. Ine ndinakulira m'bwato, ndipo usiku wa pa madzi tinkadziwa nthawi poyang'ana Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Nthanda, amene ankatiuza kuti kwatsala pang'ono kucha. Chigamba chimenecho ndachiona kuyambira ndili mnyamata, ndipo lero chikadali pomwepo osasuntha. Tsono ngati ndi mtambo, bwanji suuluzika ngati mitambo ya mvula? Ndipo ntchito yake n'chiyani kumeneko?

Wophunzira za fizikisi, kwawo ku Nsanje:
Agogo, mtambowo umayenda ndithu, koma chifukwa cha kutalika kwake moyo wa munthu mmodzi sukwanira kuona kusunthako ndi maso, monga mmene munthu woyenda pansi pa phiri lakutali amaonekera ngati waima. Funso lanu lachiwiri ndi limene limandikondweretsa kwambiri, chifukwa mitambo yakuda yotere ndi imene imabala nyenyezi. Gawo lalikulu la mtambo ndi mpweya wa haidirojeni ndi hiliyamu, ndipo fumbi ndi gawo limodzi lokha pa magawo 100 a kulemera kwake. M'kati mwenimweni mwa mitambo yothinana kwambiri mumazizira kufika pa madigiri 260 pansi pa ziro, ndipo kuzizira kumeneku n'kofunika, chifukwa mpweya wotentha umamwazikana pamene wozizira umalola kuti mphamvu yokoka iusonkhanitse. Chigawo china cha mtambo chikalemera mokwanira chimayamba kudzipanikiza chokha, pakati pake pamatentha pang'onopang'ono, ndipo kutenthako kukafika pa madigiri pafupifupi mamiliyoni 10 haidirojeni amayamba kuphatikana n'kusanduka hiliyamu. Apa m'pamene timati nyenyezi yabadwa. Si mtambo uliwonse umene wafika pa msinkhu umenewu, ndipo Coalsack ndi umodzi mwa mitambo yofatsa.

Malo amene nyenyezi zikubadwa mochuluka inu mwakhala mukuwaona. Pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana za Akamwiniatsatana pali kamzere kena ka nyenyezi zozimirira, ndipo pakati pa kamzereko pali kanthu kooneka ngati kankhungu. Umenewo ndi mtambo wa Orion, umene kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 1,300 kuti kutifike. M'zaka za m'ma 1990 telesikopu ya Hubble inajambula mmenemo nyenyezi zazing'ono zitazunguliridwa ndi fumbi lophwatalala ngati lichero, lomwe ndi fumbi limene mapulaneti amaumbikamo. Nsangwe nazo ndi ana a mimba imodzi, zinabadwa mu mtambo umodzi zaka pafupifupi mamiliyoni 100 zapitazo, pamene dzuwa lathu lili ndi zaka mabiliyoni 4.6.

Agogo a ku Chiromo:
Ndiye kuti Nsangwe zimene makolo athu ankaziona ngati zakale ndi makanda poyerekeza ndi dzuwa. Zimenezi sindinaziganizepo, ndipo ndikawauza anzanga mawa.

Mnyamata wa ku Bangula:
Achemwali, ndikupempha kuti mundimasulire chinthu chimodzi. Mwatchula telesikopu ya Hubble, imene ndimamva kuti ili mumlengalenga. N'chifukwa chiyani anthu amavutika kuponya makina m'mwamba ndi roketi, pamene akanatha kumanga makina aakulu kuposa amenewo pansi pano, pamalo amene akawonongeka amisiri angathe kufikapo?

Katswiri wa zamagetsi wa ku Chikwawa:
Ndilole ndiyankhe ineyo achimwene, kuti achemwali athu apumeko. Mukaima pa msewu wa tala masana a mwezi wa Novembala n'kuyang'ana kutali, mumaona galimoto ikugwedezeka ngati ili m'madzi, chifukwa mpweya wotentha ndi wozizira zikusakanikirana ndipo zikupinda kuwala. Kuphethira kwa nyenyezi kumachokera pa chinthu chomwechi, ndipo kumachititsa kuti zithunzi zojambulidwa pansi pano zikhale zosaoneka bwino. Chifukwa chachiwiri n'chachikulu kuposa choyambachi. Mpweya wozungulira dziko umatsekereza mitundu yambiri ya kuwala imene maso athu saona, monga X-ray, gawo lalikulu la ultraviolet, ndiponso gawo lalikulu la infrared, limene limamezedwa ndi chinyezi cha mumpweya.

Hubble inaponyedwa pa 24 Epulo 1990, ili ndi galasi la mamita 2.4 m'mimba mwake, ndipo imazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera pansi. Nkhawa yanu ya kuwonongeka ndi yomveka, chifukwa itangofika kumwamba anapeza kuti galasi lake linasulidwa molakwika pang'ono kwambiri ndipo zithunzi zinkatuluka zosaoneka bwino, mpaka mu Disembala 1993 pamene akatswiri anapita kukaiveka zida zowongolera kuwalako, monga mmene munthu amavalira mandala. Ine monga mmisiri nkhani imeneyi imandikhudza, chifukwa cholakwikacho chinali chochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, komabe chinatsala pang'ono kuwononga ntchito ya zaka zambiri.

Telesikopu ya James Webb ndiyo inapita kumene amisiri sangafike pakali pano. Inanyamuka pa 25 Disembala 2021 pa roketi ya Ariane 5 kuchokera ku Kourou, m'dziko la French Guiana, ndipo ili pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni, kumbali ya dziko imene yafulatira dzuwa. Galasi lake ndi la mamita 6.5, lopangidwa ndi zidutswa 18 zokutidwa ndi golide wopyapyala, ndipo linapita lopindidwa n'kukatambasuka lokha lili m'njira. Popeza imaona infrared, kumene kwenikweni ndi kuwala kwa zinthu zofunda, iyo yomwe iyenera kuzizira kwambiri kuti kufunda kwake kusaphimbe zimene ikuyang'ana. N'chifukwa chake ili ndi chotchinga dzuwa cha nsalu zisanu zosanjikizana, chimene chimachititsa kuti galasi likhale lozizira kupitirira madigiri 220 pansi pa ziro. Ife a ku Ngabu ndi ku Chikwawa, amene timadziwa kutentha kopitirira madigiri 40, tingamvetse kufunika kwa mthunzi wotere.

Wophunzira za fizikisi, kwawo ku Nsanje:
Zikomo bambo, mwafotokoza bwino kwambiri. Aphunzitsi, chimene ndingakulangizeni n'chakuti mukamuonetse mwanayo zithunzi ziwiri za malo amodzi otchedwa Pillars of Creation, amene ali mu mtambo wa Eagle, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 6,500. Chithunzi cha Hubble cha mu 1995 chimaonetsa zipilala za fumbi zolimba ngati zulu za chiswe, pamene cha Webb cha mu Okutobala 2022 chimaonetsa zipilala zomwezo zitapyapyala ngati utsi, nyenyezi zambirimbiri zikuonekera kuseri, ndipo m'mphepete mwake muli timadontho tofiira timene ndi nyenyezi zongoyamba kumene. Mwana akaika zithunzi ziwirizi pamodzi adzadzionera yekha kuti mdima wa m'chithunzi choyamba sunali malo opanda kanthu.

Mayi wa ku Nchalo:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo sindikufuna kusokoneza nkhani yabwinoyi, koma mtima wanga sukundilola kukhala chete. Ndinamva kuti telesikopu ya Webb inadya ndalama pafupifupi madola mabiliyoni 10. Ife kuno tinaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, tinaonanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo pali mabanja amene mpaka lero sanabwerere mwakale. Kodi mayi amene munda wake unakwiririka ndi mchenga ndingamuuze chiyani za nyenyezi zobadwa mu fumbi? Ndikufunsa moona mtima, chifukwa ana anga nawonso amakonda zimenezi ndipo ndimasowa chowayankha akandifunsa ngati angadzadye nazo.

Katswiri wa zamagetsi wa ku Chikwawa:
Mayi, funso lanu ndi loyenera. Ndinganene kuti chenjezo la namondwe limene timalandira pa wailesi limachokera ku masetilaiti, ndipo luso lopanga zida zoona infrared ndi limene limathandizanso kuona mitambo ya mvula usiku.

Wophunzira za fizikisi, kwawo ku Nsanje:
Bambo, apa ndikupempha kusiyana nanu pang'ono, mwaulemu. Zimene mwanenazo n'zoona, koma ndikuopa kuti tingawapatse mayi athu chithunzi chakuti Webb imathandiza pa madzi osefukira, pamene siyang'ana n'komwe dziko lapansi. Masetilaiti a zanyengo ndi ena, ndipo akanakhalapo ngakhale Webb ikanapanda kumangidwa. Mayi, ine sindingakunamizeni kuti kafukufukuyu adzachotsa mchenga m'munda wa munthu. Kwathu nakonso madzi analowa, ndipo ndikudziwa kuti munthu amene wagona mu tenti safuna kumva za milalang'amba. Chimene ndinganene n'chakuti ndalamazo zinachokera ku mabungwe a zamlengalenga a NASA la ku America, ESA la ku Ulaya ndi lina la dziko la Canada, pa zaka zoposa 20, ndipo zimene makinawa amajambula zimasungidwa ku Baltimore m'nkhokwe ya pa intaneti imene aliyense angathe kutengamo popanda kulipira, kawirikawiri pakangotha chaka chimodzi chijambulireni. Zimenezi zikutanthauza kuti mwana wa ku Nchalo amene waphunzira bwino masamu ndi kompyuta angathe kugwira manambala omwewo amene pulofesa wa ku Cambridge akugwira.

Za kudya nazo, masamu ndi luso losanthula manambala ochuluka zimene munthu amaphunzira pa sayansiyi zimafunikanso m'mabanki, m'zanyengo ndi m'zaumoyo. Ntchitoyi si ya azungu okha, chifukwa ku South Africa kuli MeerKAT, telesikopu ya mbale 64 zolandira mafunde a wailesi imene inatsegulidwa mu 2018, ndipo anansi athu a ku Mozambique ndi ku Zambia ali m'gulu la mayiko a mu Africa ogwirizana pa ntchito yaikulu ya SKA, yomanga telesikopu yaikulu kwambiri ya mtundu womwewu. Chimandipweteka n'chakuti mwana wanzeru wa kuno nthawi zambiri samva n'komwe kuti njira yotere ilipo.

Mayi wa ku Nchalo:
Mwana wanga, ndathokoza kuti sunandipake mafuta pakamwa. Za ndalamazo mtima wanga sunakhazikikebe, koma zoti ana athu angathe kutenga zithunzizo kwaulere sindinkazidziwa, ndipo ndiwauza kuti akufunse njira yake.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Ndapindula kwambiri, koma theka la funso la mwana uja lidakalipo. Kodi fumbilo linachokera kuti?

Wophunzira za fizikisi, kwawo ku Nsanje:
Pepani aphunzitsi, ndinatengeka. Fumbilo limachokera ku nyenyezi zakale. Chilengedwe chitangoyamba, zaka mabiliyoni 13.8 zapitazo, kunali haidirojeni ndi hiliyamu, ndi zina zochepa kwambiri. Kaboni, okosijeni, silikoni ndi chitsulo zinaphikidwa pambuyo pake m'kati mwa nyenyezi. Nyenyezi ya msinkhu wa dzuwa ikakalamba imafufuma n'kumataya mpweya wake wakunja pang'onopang'ono, ndipo mpweyawo ukamazizira umaundana n'kukhala tinthu tosalala ngati mwaye wa kukhitchini ndi timchenga tosaoneka ndi maso. Nyenyezi zolemera kwambiri, zoposa dzuwa kasanu ndi katatu kapena kupitirira apo, zimatha mwa kuphulika.

Kuphulika kotereku kunaonekera m'thambo lathu lomwe lino la kumwera mu Febuluwale 1987, mu mlalang'amba waung'ono wotchedwa Large Magellanic Cloud, kutanthauza mtambo waukulu wa Magellan, ndipo anthu anakuona ndi maso popanda makina. Hubble yakhala ikulondola malowo kuyambira mu 1990, ndipo telesikopu ina ya mumlengalenga yotchedwa Herschel inapeza kuti m'zotsalira za nyenyeziyo mwapangika fumbi lozizira lochuluka zedi. Fumbi lotere limasakanikirana ndi mitambo ina, ndipo mitamboyo imabalanso nyenyezi zatsopano ndi mapulaneti. Chitsulo cha khasu, chitsulo cha m'magazi athu ndi kashiamu wa m'mafupa zinadutsa m'njira imeneyi dzuwa lisanabadwe.

Chinanso chimene ndimachikonda ndi zimene Webb inapeza mu mtambo wa Chamaeleon I, umenenso uli kumwera, zomwe zinalengezedwa mu Januwale 2023. Poyeza kuwala kwa nyenyezi za kuseri kwa mtambowo, akatswiri anaona kuti tinthu ta fumbito takutidwa ndi madzi oundana, pamodzi ndi amoniya, methane ndi methanol zoundananso. Chinthu chilichonse chimameza kuwala pa malo akeake, ndipo chimasiya chizindikiro ngati chidindo cha chala, ndiye munthu safunika kupitako kuti adziwe zimene zili mmenemo.

Agogo a ku Chiromo:
Mwatchula mtambo wa Magellan. Kodi ndi timitambo tiwiri toyera tija timene timaoneka kumwera nthawi ya dzinja, tooneka ngati tinaduka ku Mlalang'amba? Ife tinkadabwa kuti mphepo imachotsa mitambo yonse koma timeneti ayi.

Katswiri wa zamagetsi wa ku Chikwawa:
Ndi tomweto agogo, koma si mitambo ngati Coalsack. Uliwonse ndi mlalang'amba pawokha, wokhala ndi nyenyezi zake zosawerengeka ndi mitambo yake ya fumbi. Waukuluwo kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kufike kuno, ndipo waung'onowo zaka pafupifupi 200,000. Milalang'amba iwiriyi anthu a ku Ulaya saiona n'komwe ali kwawo, pamene ife timangotuluka pakhonde. Waung'onowo ndi umene unatipatsa muyezo woyezera kutalika kwa zinthu zakuthambo. Mayi wina wa ku Harvard, Henrietta Leavitt, anapenda nyenyezi za mmenemo zimene zimawala ndi kuzimirira mobwerezabwereza, ndipo mu 1912 zinasindikizidwa kuti nyenyezi ikakhala yowala kwambiri imatenga masiku ambiri kuti imalize kusinthako. Ndiye munthu akawerenga masikuwo amadziwa kuwala kwenikweni kwa nyenyeziyo, ndipo akayerekeza ndi mmene ikuonekera amadziwa kutalika kwake, monga mmene msodzi wodziwa mphamvu ya nyali ya mnzake amadziwira kuti bwato lili patali bwanji. Ndi muyezo umenewu Edwin Hubble anasonyeza m'zaka za m'ma 1920 kuti Andromeda si mtambo wa mu Mlalang'amba wathu koma mlalang'amba wina, umene lero timadziwa kuti kuwala kwake kumayenda zaka mamiliyoni 2.5.

Mnyamata wa ku Bangula:
Nanga milalang'amba yakutali kwambiri imene yaonekapo ili pati? Ndipo ngati kuwala kumachedwa chonchi, kodi zimene tikuonazo zidakalipo?

Wophunzira za fizikisi, kwawo ku Nsanje:
Achimwene, chilichonse chimene timaona kuthambo timachiona monga mmene chinalili pamene kuwala kunanyamuka, ndipo ngakhale dzuwa timaliona monga linalili mphindi 8 zapitazo. Mu Disembala 1995 Hubble inalozetsedwa kwa masiku 10 pa kachigawo kakang'ono ka thambo kamene kankaoneka ngati kopanda kanthu, ndipo m'chithunzicho munatuluka milalang'amba pafupifupi 3,000. Popeza chilengedwe chikufutukuka, kuwala kochokera kutali kwambiri kumatamuka pa ulendo wake mpaka kusanduka infrared, ndipo n'chifukwa china chimene Webb inamangidwira. Mu 2024 inatsimikizira mlalang'amba wotchedwa JADES-GS-z14-0, umene tikuuona monga unalili patangopita zaka pafupifupi mamiliyoni 290 chilengedwe chiyambireni. Chimene chadabwitsa akatswiri n'chakuti milalang'amba ina ya nthawi imeneyo ndi yowala kwambiri kuposa mmene ankayembekezera, ndipo mkangano wa mmene inakulira msanga chotere udakali m'kati. Nyenyezi zazikulu zimene zinatulutsa kuwalako zinafa kalekale, chifukwa nyenyezi yolemera imakhala zaka mamiliyoni ochepa okha, koma mlalang'ambawo uyenera kuti unapitiriza kukula ndi kuphatikana ndi ina.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Zikomo kwambiri nonse. Lolemba ndikayamba ndi dzuwa lofiira la mwezi wa Okutobala, kenako ndidzawaonetsa zithunzi ziwiri za zipilala zija pa foni, ndipo ndidzamusiya mwanayo kuti afotokozere anzake yekha chimene akuona. Ndikuganizanso zopempha makolo kuti alole ana kubwera pa bwalo la sukulu usiku wina kuti tidzayang'ane limodzi. Kodi nthawi yabwino ndi iti?

Katswiri wa zamagetsi wa ku Chikwawa:
Aphunzitsi, musadikire nyengo yotentha, chifukwa fumbi ndi utsi zidzakhala zachuluka. Sankhani usiku wopanda mwezi m'kati mwa Juni uno kapena Julayi, ndipo pewani masiku a chiperoni. Cha m'ma 7 koloko madzulo mtanda uja udzakhala pamwamba chakumwera, Coalsack ili pambali pake, ndipo pofika 9 kapena 10 koloko chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba, kumene kuli pakati pake, chidzakhala chitakwera pafupifupi pamutu, ndi mizere yakuda ya fumbi ikuoneka bwino. Anawo asayatse mafoni kapena matochi kwa mphindi 20 kuti maso azolowere mdima. Mtambo wa Orion ndi milalang'amba iwiri ya agogo ija mudzaiona bwino madzulo kuyambira mu Disembala, mvula ikapereka mpata. Ine ndili ndi magalasi oonera patali ang'onoang'ono, ndipo mukandiuza tsiku msanga ndidzakwera minibasi n'kubwera nawo.

Agogo a ku Chiromo:
Mukakonza tsikulo mundidziwitse inenso. Miyendo ikalola ndidzabwera ndi mdzukulu wanga, kuti ndidzawaonetse anawo pamene Nsangwe zimatulukira m'bandakucha, popeza mwezi uno ndi umene zimayamba kuonekanso kum'mawa.